Mpweya Wonunkha Ngati Dzira Lovunda

Usiku wa pa 23 December 2003, kudera la Kaixian m'dziko la China, chitsime chimene anthu anali kukumba pofuna gasi wa pansi pa nthaka chinayamba kufwamphula mpweya mwamphamvu, ndipo okumbawo analephera kuchitseka. Mpweyawo unatsetserekera kumidzi ya m'zigwa anthu ali m'tulo. Anthu 243 anamwalira, ndipo ambiri mwa iwo sanali antchito a pachitsimepo, koma alimi a m'midzi yozungulira pamodzi ndi ana awo. Nkhuku, nkhumba ndi agalu zinapezeka zitafa m'makola ndi m'misewu. Anthu ena zikwizikwi anagonekedwa m'zipatala kapena kusamutsidwa m'nyumba zawo.

Mpweya umene unachita zimenezi umatchedwa hydrogen sulphide, ndipo pazikwangwani za m'malo antchito amaulemba mwachidule kuti H2S. M'boma la Mchinji mulibe chitsime cha mafuta kapena cha gasi, kotero munthu wa kwa Mkanda kapena kwa Mavwere angathe kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya anthu akutali. Koma mpweya womwewo umapezeka m'dzenje la chimbudzi chodzaza, m'thanki ya zonyansa kuseri kwa nyumba, m'dzenje la ndoŵe za nkhumba, ndiponso nthaŵi zina pansi pa chitsime cha madzi. Kuwonjezera apo, anyamata ambiri a m'boma lino la m'malire amapita kukafuna ntchito ku Zambia, ku Mozambique ndi ku South Africa, kumene ena amagwira ntchito m'migodi, m'mafakitale ndi m'mipope ya zonyansa.

Kumene mpweyawu umachokera

Pamene zinthu monga chimbudzi cha anthu, ndoŵe, masamba kapena nyama yakufa zikuwolera pamalo posafika mpweya wabwino, tizilombo tina tosaoneka ndi maso timadya zinthuzo ndi kutulutsa hydrogen sulphide. Aliyense amene anakumbapo chitsime cha padimba m'madambo a Bua kapena a Rusa amalidziŵa dothi lakuda lija la pansi limene limanunkha ngati dzira lovunda. Fungo limenelo ndi la mpweyawu, ngakhale kuti padambo umakhala wochepa ndipo mphepo imaumwaza msanga. M'nyanja ya Malaŵi namonso, madzi a pansi penipeni, kupitirira mamita 250, alibe mpweya wabwino ndipo ali ndi hydrogen sulphide, n'chifukwa chake nsomba sizikhala kumeneko.

Mafuta ndi gasi wa pansi pa nthaka zinapangika kuchokera ku zamoyo zimene zinakwiririka kalekale, ndipo m'malo ena hydrogen sulphide anatsekeredwa pamodzi nazo m'miyala. Okumba zitsime amautcha gasi wotere kuti wowawasa. Si chitsime chilichonse chimene chili nawo, koma pamene ulipo, ungathe kutuluka wochuluka kwambiri kuposa wa m'dzenje lililonse la pamudzi.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Tsoka ili limanunkha poyamba, kenaka n'kuleka, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi yonse. Akatswiri amayeza kuchuluka kwa mpweyawu poŵerenga magawo ake mwa magawo 1,000,000 a mpweya umene munthu akupuma, ndipo muyesowo amautcha ppm. Mphuno ya munthu imalimva fungo lake ukadali wochepera gawo limodzi. Ukafika pakati pa 20 ndi 50 ppm, maso amayamba kuthethetha ndi kufiira, kukhosi kumakanda, mutu umapweteka. Ukafika cha pa 100 mpaka 150 ppm, umafooketsa mitsempha ya m'mphuno, ndipo m'mphindi zochepa munthu samvanso fungo. Iye amaganiza kuti mpweya woipa watha, pamene wachuluka. Pa 500 mpaka 700 ppm munthu amadzandira ndi kugwa mphindi zisanu zisanathe. Kupitirira apo, kupuma kamodzi kapena kaŵiri n'kokwanira kumugwetsa, ndipo safuula, sagwira chingwe, sapereka chizindikiro chilichonse. Chiŵerengero cha 1,000 ppm chimamveka chachikulu, koma ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a mpweya wa m'dzenjemo.

Mpweyawu ulibe mtundu, kotero suoneka ndi maso. Ndi wolemerapo kuposa mpweya wamba, motero sukwera m'mwamba ngati utsi. Umakhazikika pansi pa dzenje, m'ngalande ndi m'zigwa, makamaka usiku ndi m'bandakucha pamene kulibe mphepo. Umayakanso moto ukachuluka.

M'thupi, hydrogen sulphide amachita zinthu mofanana ndi poizoni wa cyanide. Magazi amafika ndi mpweya wabwino m'ziŵalo zonse monga mwa masiku onse, koma ziŵalozo zimalephera kuugwiritsa ntchito. Zili ngati mudzi umene chimanga chadzaza m'matumba koma chigayo chafa. Ubongo ndi mtima ndizo zimayamba kuvutika chifukwa zimafuna mpweya wambiri, ndipo mbali ya ubongo imene imalamulira kupuma ikaima, munthu amaleka kupuma pomwepo.

Pazitsime za mafuta ndi gasi

Pokumba chitsime cha mafuta, antchito amapopera matope olemera m'dzenjemo. Kulemera kwa matopewo ndiko kumapanikiza gasi kuti asakwere. Matope akachepa kapena akapepuka, gasi amakankha n'kuyamba kukwera, ndipo ngati makina otsekera pakamwa pa chitsime sanatsekedwe msanga, chitsime chimafwamphuka monga zinachitikira ku Kaixian. Komabe antchito ambiri samafa pangozi zikuluzikulu zotere. Amafa mmodzimmodzi, potsegula chivundikiro cha thanki kuti ayeze mafuta, potsikira m'chidzenje cha pansi pa makina, kapena pokonza pampu ya madzi onyansa amene amatuluka pamodzi ndi mafuta. Madzi amenewo amasunga mpweyawu monga momwe botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi limasungira thovu, ndipo akavundulidwa amautulutsa nthaŵi imodzi.

Pa 24 November 1950, ku Poza Rica m'dziko la Mexico, moto umene unkatentha gasi woipa pafakitale ina unalephera kuyaka m'bandakucha, kunja kuli nkhungu ndipo kulibe mphepo. Mpweyawo unatuluka kwa nthaŵi yosakwana theka la ola, koma anthu 22 a m'nyumba zoyandikana anamwalira ndipo 320 anagonekedwa m'chipatala.

Nkhani ina yomvetsa chisoni inachitika pa 26 October 2019 ku Odessa, m'chigawo cha Texas ku America. Bambo wina wogwira ntchito pamalo opopera madzi a m'zitsime za mafuta anapita madzulo kukaona pampu imene inavuta, ndipo analoŵa m'nyumba ya mapampu asanavale kachipangizo kake kochenjeza za mpweya woipa. Ataona kuti mwamuna wake sakubwera ndipo sakuyankha foni, mkazi wake anatenga ana aŵiri pagalimoto n'kumulondola. Anasiya anawo m'galimoto, naloŵa m'nyumbamo. Onse aŵiri, bambo ndi mayi, anafera momwemo. Ana anapulumuka chifukwa sanatsike.

Dziko la Malaŵi silinayambe kupopa mafuta, ngakhale kuti kuyambira mu 2011 boma linapereka ziphaso kwa makampani monga Surestream Petroleum zoti afufuze mafuta m'nyanja ya Malaŵi ndi m'madera ozungulira. Koma ku Mozambique ntchito ya gasi ndi yaikulu. Gasi wa ku Pande ndi Temane wakhala akupita ku Secunda ku South Africa kudzera mumpope kuyambira mu 2004, ndipo gasi wina wambiri anapezeka mu 2010 m'nyanja yamchere kufupi ndi Cabo Delgado. Mnyamata amene wapeza ntchito pamalo otere, ngakhale yonyamula mapaipi kapena yotsuka mathanki, ayenera kufunsa kapitao tsiku loyamba ngati pamalopo pali H2S. Funso limeneli silichititsa manyazi, ndipo kapitao wodziŵa ntchito yake amakhala ndi yankho.

Pamalo osamalidwa bwino, wantchito aliyense amapatsidwa kachipangizo komangirira pakolala, pafupi ndi mphuno, kamene kamalira mpweyawu ukafika cha pa 10 ppm. Kachipangizoka sikayenera kusiyidwa m'galimoto, kuikidwa m'thumba kapena kuzimitsidwa chifukwa chakuti kakusokosa. Pamitengo yaitali pamakhala timatumba ta nsalu tosonyeza kumene mphepo ikuloŵera. Belu likalira, munthu amasiya zida pomwepo n'kuthaŵira chopingasa ndi mphepo kapena kumene mphepo ikuchokera, ndiponso kumtunda. Amene akukapulumutsa mnzawo amavala chophimba kumaso cholumikizidwa ku botolo la mpweya wabwino lonyamula kumsana, ndipo n'chifukwa chake antchito otere amauzidwa kumeta ndevu, pakuti ndevu zimasiya mpata m'mbali mwa chophimbacho. Palibe amene amaloledwa kuloŵa m'thanki yekha popanda mnzake womulondera kunja.

Zimbudzi, mathanki ndi zitsime za kumudzi

M'chaka cha 1700, dokotala wina wa ku Italy dzina lake Bernardino Ramazzini analemba za anthu otapa zimbudzi a mumzinda wa Modena, amene maso awo ankafiira ndi kupweteka kotero kuti ankalephera kuyang'ana kuŵala, ndipo ena ankachita khungu. Iye sanadziŵe dzina la mpweya umene unkawavulaza, koma zimene anaona ndi zomwezo zimene zimaoneka lero pa anthu ogwira ntchito yomweyo.

Pano pafunika kunena momveka kuti kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba masiku onse sikuopsa ayi. Mpweya umene umatuluka pachiboo ndi wochepa, ndipo chimbudzi chokhala ndi paipi yotulutsira fungo chimauchepetsanso. Matenda a kolera amene anabuka mu March 2022 ndi kupitirira mpaka mu 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo banja lopanda chimbudzi ndilo lili pangozi yaikulu. Vuto limayamba pamene munthu aloŵa m'dzenjemo, kapena aŵeramira m'kati mutu uli pansi.

Pamwamba pa zonyansa za m'dzenje kapena m'thanki pamauma kachikhungwa kamene kamatsekera mpweya pansi. Munthu akasuzumira, fungo silikhala loopsa, ndipo amatsika. Akangoponda kapena kuvundula ndi fosholo, kachikhungwako kamasweka ndipo mpweya umene unasonkhana kwa miyezi yambiri umatuluka nthaŵi imodzi, munthuyo ali pansi penipeni pamene umakhazikika. Ichi n'chifukwa chake dzenje limene munthu anatsikiramo dzulo osavulala lingathe kumupha lero.

M'malo a malonda monga Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi paboma, nyumba zathinana ndipo malo okumbapo chimbudzi china akusoŵa, kotero eni nyumba za lendi ndi malo ogona alendo amafuna aganyu oti atape zimbudzi ndi mathanki. Ntchito yotere kaŵirikaŵiri imagwiridwa usiku chifukwa cha manyazi, ndipo ena amayamba amwa kachasu kuti alimbe mtima pa fungo. Zinthu ziŵiri zimenezi ndi zoipa kwambiri. Usiku kulibe mphepo, anthu othandiza ali m'tulo, ndipo wolondera kunja saona bwino zimene zikuchitika pansi. Moŵa umabisa chizungulire ndi kupweteka kwa mutu, zimene zikanamuuza munthu kuti atuluke. Mwini nyumba amene amapereka botolo la kachasu monga mbali ya malipiro asadzinyenge kuti akuchitira waganyuyo chifundo.

Ena amatsika chifukwa cha foni imene yagwera m'chimbudzi, ena chifukwa cha nkhuku kapena kamwana ka mbuzi. Foni ingathe kukoledwa ndi waya kapena kusiyidwa momwemo. Maenje a ndoŵe za nkhumba zosakaniza ndi madzi, ndiponso mathanki opangira gasi wophikira kuchokera ku ndoŵe, ali ndi ngozi yomweyo.

Zitsime za madzi zili ndi mavuto atatu. M'chitsime chakale chimene munagwera masamba kapena nyama mungathe kukhala hydrogen sulphide m'matope a pansi. M'chitsime chakuya mpweya wabwino ungathe kuchepa wokha popanda fungo lililonse. Ndipo pampu ya petulo ikatsitsidwira m'kati kuti ichotse madzi pamene anthu akukumba, utsi wake umadzaza chitsime ndi carbon monoxide, mpweya wina wakupha umene ulibe fungo. Injini iyenera kukhala kunja, patali ndi pakamwa pa chitsime, kumbali imene mphepo ikuloŵera.

Okumba ambiri amatsitsa kandulo kapena koloboyi kuti ayese mpweya, ndipo moto ukapanda kuzima amati zonse zili bwino. Kuyesa kumeneku kumangosonyeza kuti mpweya wabwino ulimo. Kandulo imayaka bwinobwino m'dzenje lokhala ndi hydrogen sulphide wokwanira kupha anthu khumi, ndipo m'thanki ya zonyansa moto ungathe kuphulitsa gasi amene alimo. Mpango wonyoŵa womanga pamphuno, kapena masiki a nsalu amene anthu anazoloŵera panthaŵi ya Covid-19, sizitsekereza mpweyawu ngakhale pang'ono. Kugwira mpweya m'chifuwa nakonso sikuthandiza, pakuti palibe munthu angatsike, kunyamula mnzake ndi kukwera naye asanapume.

Wachiŵiri ndi wachitatu

Malipoti a ngozi za mpweyawu ochokera m'maiko osiyanasiyana amafanana m'chinthu chimodzi, ndicho chakuti kaŵirikaŵiri womwalira sakhala mmodzi. Woyamba amagwa mwakachetechete. Mbale wake amene ali pamwamba amaganiza kuti waterereka kapena wakomoka ndi kutentha, ndipo amalumphira m'dzenjemo. Iyenso amagwa. Wachitatu amatsatira. Mtima umene umamukankha munthu kuti atsike ndi mtima wabwino, umene mudzi uliwonse umauyamikira, ndipo n'kovuta kuuza bambo kuti aime pamwamba mwana wake ali pansi. Koma bamboyo akatsika wopanda botolo la mpweya, pakutha mphindi imodzi anthu ofunika kuwatulutsa amakhala aŵiri, ndipo amene akanakoka chingwe wachepa ndi mmodzi.

Kotero kupulumutsa kumayamba munthu asanatsike. Wotsikira m'chitsime amangidwe chingwe cholimba m'chifuwa, pansi pa makhwapa, chimene sangachimasule ali pansi. Chingwecho chidutse pamtanda wolimba pamwamba pa chitsime, ndipo pakhale amuna aŵiri kapena atatu amene ntchito yawo ndi kugwira chingwe basi. Iwo azilankhula naye nthaŵi zonse. Akasiya kuyankha, kapena mawu ake akayamba kumveka ngati a munthu woledzera, amukoke pomwepo osafunsa. Chitsime chakale chitsegulidwe ndi kusiyidwa chotsegula kwa tsiku lathunthu, ndipo mpweya wa m'kati uvundulidwe potsitsa ndi kukweza nthambi yamasamba ambiri. Izi zimathandiza, koma sizichotsa mpweya umene wabisala m'matope, kotero chingwe chimafunikabe.

M'dzenje la chimbudzi ndi m'thanki ya zonyansa, munthu wopanda zida zopumira asaloŵemo konse. Zonyansa zitapidwe kuchokera pamwamba, ndi pampu, ndi galimoto yopopa, kapena ndi ndoŵa yomangirira kumtengo wautali, masana, otapawo ataima kumbali imene mphepo ikuchokera ndipo ana atachotsedwa pafupi. Kumudzi kumene malo alipo, njira yabwino ndi kukwirira chimbudzi chodzaza ndi dothi, kubzalapo mtengo, ndi kukumba china. Asidi wa m'mabatire a galimoto kapena mankhwala ena a asidi asathiridwe m'chimbudzi pofuna kuti zonyansa zitsike, chifukwa asidi amatulutsa hydrogen sulphide wambiri nthaŵi imodzi. Phulusa ndi laimu zimachita zosiyana ndi zimenezo, zimachepetsa fungo ndi ntchentche, ndipo phulusa lili pamoto wa banja lililonse.

Ngati munthu wagwa m'dzenje wopanda chingwe, a pamwamba akuwe kuitana anthu, achotse zonse zotsekera pakamwa pa dzenjelo, atumize uthenga ku polisi ndi kuchipatala, ndipo ayese kumukola ndi chingwe chokhala ndi msampha kapena ndi mtengo wa ngoŵe pa zovala zake. Mphepo ikupizidwire m'kati ndi chilichonse chimene chilipo. Moto, fodya ndi machesi zikhale kutali.

Akatulutsidwa, amugoneke panja pamalo opita mphepo, ammasule zovala zonyoŵa ndi zonyansa. Ngati akupuma koma sakudziŵa kanthu, agonekedwe chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Ngati sakupuma, munthu mmodzi agwade pambali pake, aike manja aŵiri pakati pa chifuwa ndi kusindikiza mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka ka 120 pamphindi, osaleka mpaka atayamba kupuma kapena atafika kwa achipatala. Asam'mwetse mkaka, thobwa, moŵa kapena mankhwala azitsamba, pakuti poizoniyu sali m'mimba, ndipo chakumwa chingathe kuloŵa m'mapapo. Maso ofiira atsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi 15.

Kaŵirikaŵiri munthu wogwetsedwa ndi mpweyawu amatsitsimuka yekha akafika pamphepo, nadzuka n'kunena kuti ali bwino, mwinanso n'kufuna kumaliza ganyu yake. Ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mapapo ovulazidwa ndi hydrogen sulphide angathe kuyamba kudzaza madzi patapita maola ambiri, ndipo munthu amene anali kuseka madzulo amayamba kubanika pakati pa usiku. Omuperekeza akafika pachipatala cha pafupi, kaya ndi Kochilira, Mkanda, Kapiri, Ludzi, Guillime kapena chipatala chachikulu cha paboma, afotokoze bwino kuti wodwalayo anali m'dzenje lanji, anakomoka kwa nthaŵi yaitali bwanji, ndiponso ngati ndalama zachitsulo kapena makiyi a m'thumba mwake zada, chifukwa mpweyawu umadetsa mkuwa ndi siliva. Chithandizo chachikulu ndi mpweya wa okosijeni, ndipo wodwala amene wavutika kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Amene anakomoka kwa nthaŵi yaitali nthaŵi zina amatsala ndi mutu wosatha, kuiŵalaiŵala, kudzandira poyenda kapena kusamva fungo, kwa miyezi kapena zaka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare la mu 1997 linaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka, ndipo lamulo la Workers' Compensation la mu 2000 linakonza zoti wovulala pantchito kapena banja lake alandire chipukuta misozi. Pachifukwa chimenechi, abale a wodwala apemphe kuti m'buku lake la kuchipatala mulembedwe momveka kuti anavulala ndi mpweya ali pantchito, tsiku lake ndi malo ake, ndipo apite nalo bukulo ku ofesi ya zantchito ya paboma.